Chitini cha Gasi M'nyumba ya Apongozi

Filipo anali atangolumikiza timipira tiwiri ta dongo ndi kachidutswa ka sipoko pamene mlamu wake Gregorio anatulukira kuseri kwa khola akukankha njinga. Pakaliyala panali mpukutu wa chipepala cha pulasitiki chodzaza matope a kudimba.

"Alamu, mwayamba liti kuumba zidole? Boma limakulipirani ndi zimenezinso?"

"Awa ndi maphunziro a Lolemba," Filipo anayankha osadzutsa mutu. "Khalani pansi muphunzire zaulere."

Filipo anali mphunzitsi wa sayansi pa kasekondale kena kufupi ndi Nachisaka, kopanda labu, kopandanso nyumba za aphunzitsi. Kwawo kunali kumapiri a Ntchisi, koma ankakhala pachikamwini, kwawo kwa mkazi wake Tiyamike. Anali munthu wodzidalira. Chinthu akachidziwa ankachidziwadi. Vuto lake linali lakuti ankafuna kuti ndi mbuzi zomwe zichidziwe.

Anayala zoumba ziwiri pamphasa. Chilichonse chinali ndi timipira titatu takuda topaka makala, tina tating'ono toyera topaka phulusa, ndi kamodzi kofiira ka katondo.

"Banja ili dzina lake ndi mahaloalikeni," anatero. "Takudati ndi kaboni, toyerati ndi hayidrojeni, kofiiraka ndi bromini. Werengani muone, uku ndi uku timipira n'tofanana. Koma apa kofiira kakhala kumapeto, apa kakhala pakati. Basi, zasanduka zinthu ziwiri zosiyana, ndipo cha pakatichi chimawira msanga kuposa chinzakechi. Zoterezi timati maayisoma."

Gregorio anayang'anitsitsa, kenaka anagwedeza mutu ngati wamvetsa. "Ndiye kuti kofiirako kakakhala pakati ndi mwini mudzi, kakakhala kumapeto ndi mkamwini. Nanga amazipanga bwanji?"

"Achimwene, mwaputa mavu," anatero Tiyamike, amene ankaswa mtedza pambali. "Sitidya lero."

Filipo sanamve n'komwe. Anafotokoza mmene amatengera mowa wa mtundu wake, n'kuthiramo mchere wa bromayidi ndi asidi, n'kutenthetsa pang'onopang'ono mpaka bromini atalowa pamalo a kachigawo kamene kamachititsa kuti mowa ukhale mowa. Iye anazichitapo kamodzi kokha ali ku koleji, m'kabati yagalasi yokhala ndi chumuni chokokera mpweya kunja. Kuno ana ankangoziona pabolodi.

"Nanenso ndili naye bromini wangawanga," anatero Gregorio. Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa chitini chachitsulo chosatsegula. "Wanga si wadongo."

Gregorio anali mlongo wake wa Tiyamike, mwini mbumba pamudzipo. Anagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ina, mpaka anakhala kapitawo wa nazale za fodya. Matipate atabwera, alimi wamba atayamba kulima fodya wa bale mwaufulu, anabwerera kumudzi kudzalima wake. Ntchito ya gasi ankaidziwa bwino. Umafunditsa bedi la nazale ndi chipepala, m'mphepete n'kukwirira ndi dothi, chitini n'kuchikhazika pa kathabwa ka msomali mkatimo. Ukachisindikiza ndi dzanja uli kunja chimabooka, ndipo gasi amapha mbozi, njere za udzu ndi chilichonse chamoyo m'dothimo.

"Mabedi anga ndamaliza, ichi chatsala," anatero. "Chimanga cha amayi anankafumbwe achitha. Ukayika khutu pathumba umamva akusinja. Ndikachifunditsa lero lomwe."

"Chimanga chili kuti?"

"Kuchipinda. Nanga masiku ano ndani akusunga m'nkhokwe? Ufulu wabwerawu ndi akuba omwe aulandira."

Filipo anatenga chitini chija. Anawerenga zilembo zazikulu, kenaka zazing'ono za pansi pa chithunzi cha chigaza, ndipo nthabwala zinamuthera.

"Uyu ndi wa banja lomweli," anatero. "Methilo bromayidi. Kaboni mmodzi yekha, ndiye alibe ndi ayisoma yemwe. Muno ndi madzi chifukwa wapanikizidwa, koma akatuluka ndi mpweya wosaoneka, wolemera kuposa umene timapumawu. Amayenda pansi. Amayi agona kuti?"

"Pabalaza. Gasi akhala m'chipepala."

"Chipepala ichi? Cha zigamba ichi? Alamu, khoma la pakati silifika kudenga, pakhomo pali chitenje chabe, ndipo amayi amagona pamphasa. Fungo loyabwa m'maso limene amathiramo lija limatha kuzilala gasi akadalipo. Munthu amangomva mutu, kenaka chizungulire. Pofika poti adziwe, miyendo yakana kale."

"Kumadepo akuluakulu chimanga amachifunditsa ndi gasi yemweyu."

"N'zoona. Koma m'depo mumagona nkhalamba?"

Gregorio analanda chitini chake mwaulemu, n'kuchibwezera m'thumba. Sanakwiye. Anangomwetulira ngati munthu amene akulangiza mwana.

"Inu mumamuumba ndi dongo, ine ndamuboola ndi manja angawa kuyambira musanamere ndevu. Za kusukulu ndi zanu, sindilowererako. Koma awa ndi amayi anga, chimanga n'chathu. Paja amati mkamwini asamakule mwendo."

Anakankha njinga yake kulowera kunyumba ya amayi ake, aNankhoma, imene inali kuseri kwa mitengo ya mango.

Tsono apa m'pamene panali pothina. Chikwatirire, Filipo anali asanalankhulepo ndi apongozi ake maso ndi maso. Akakumana panjira, wina ankapatukira kutchire. Akafuna kupereka moni ankanjuta patali n'kuwomba m'manja, nkhope atalozetsa kumbali. Mawu onse ankadzera mwa Tiyamike, ngakhale onse atatu atakhala pabwalo limodzi. M'nyumba mwawo anali asanapondemo. Sikuti ankadana ayi. Umenewo ndiwo unali ulemu, ndipo aNankhoma ankanyadira kwa anzawo kuti mkamwini wawo, ngakhale ndi wophunzira, mwambo amaudziwa.

"Amayi a Madalitso, siyani mtedzawo," anatero Filipo. "Mukawauze amayi kuti chitinicho chikabooledwa m'nyumba, iwo n'kugonamo, mawa tikhoza kudzuka ndi maliro. Mukanene momwemo."

"Ndikanene za maliro kwa mayi anga ali moyo?"

"Ndi bwino kuwanena kusiyana n'kuwalira."

Tiyamike anasasa makoko pachitenje n'kupita. Filipo anayesa kubwerera ku timipira take, koma sipoko inangoboola kampira n'kumubaya chala. Posakhalitsa mkazi wake anabwerako akuyenda pang'onopang'ono.

"Akuti zikomo, amva."

"Ndiye?"

"Akuti mwana wawo ntchitoyi amaidziwa."

"Munawauza chiyani kwenikweni?"

Tiyamike anayang'ana kumbali. "Ndinati abambo a Madalitso akuti mankhwalawo ndi amphamvu. Iwo n'kuti amphamvuwo ndi amene akufunika."

Filipo anagwira m'mutu. Umu ndi mmene mawu ankayendera pakati pa iye ndi apongozi ake. Ankachoka ali ndi minga, n'kukafika atasadzulidwa.

"Bwanji adzagone kuno masiku angapo?"

"Ndanena. Akuti asiye chimanga chokha kuti akuba adzachite kusankha thumba? Ndati nanga titulutsire matumba panja, gasiyo akathiridwe kutali. Akuti mudzi wonse uwerenge zimene anakolola? Mawa aliyense abwere ndi lichero kudzapempha? Mukuwadziwa amayi." Anakhala pansi, mawu ake n'kutsika. "Bambo a Madalitso, zoonadi angafe?"

"Angafe. Akapanda kufa, akhoza kutsala onjenjemera moyo wawo wonse."

"Achimwene ayamba kale kukwirira chipepala. Ine sandimvera, mukudziwa."

Tiyamike anali ndi mantha tsopano, ndipo Filipo anamumvera chisoni. Iye mwini sankakayika n'pang'ono pomwe za gasiyo. Chimene chinkamulemera ndi miyendo. Ankadziwa zimene mudzi udzanene: mkamwini wamwano, sukulu yamuzunguza mutu, walowa kuchipinda kwa apongozi dzuwa likuswa mtengo. Amuna ena anawalongedzetsa katundu pa zifukwa zochepa kuposa pamenepo. Anapukuta dongo m'manja, anavala nsapato, n'kuyamba kuyenda.

"Mukupita kuti?"

"Kukakula mwendo."

ANankhoma anali pakhonde akusankha nyemba. Ataona mkamwini akubwera molunjika, anayembekeza kuti apatuka. Sanapatuke. Anati "odi" ali kale pakhomo, osadikira yankho. Mayiwo anakoka mpango n'kuphimba nkhope, lichero n'kupendekeka, nyemba n'kumwazika.

Kuchipinda kunali mdima ndi fungo la chimanga chofumbwa. Matumba anali ataunjikidwa pakona, chipepala chitawafunditsa, m'mphepete mwake muli dothi lonyowa. Gregorio anali atagwada, akusisita pamwamba pa chipepala kufunafuna pamene panali chitini. Ataona amene walowa, anangoti kukamwa yasa.

Filipo sanataye nthawi. Anakankha dothi, analowetsa mkono pansi pa chipepala, n'kutulutsa chitini pamodzi ndi kathabwa kake ka msomali. Gregorio anadzambatuka n'kumugwira malaya pakhosi.

"Mwapenga kodi? Mukudziwa pamene mwaima?"

"Ndikudziwa. Koma taonani m'manja mwangamu. Msomali uli pansi pa chitini. Mukandigwedezanso kamodzi chibooka, tonse tili muno."

Gregorio anasiya malaya nthawi yomweyo. Anabwerera chafutambuyo, anakodwa m'chitenje cha pakhomo, ndipo anapezeka ali pabwalo, mkono ataphimba pamphuno. Amayi ake anamuona kudzera pansi pa mpango.

Filipo anachotsa kathabwa bwinobwino, n'kutuluka. Anthu anali atayamba kale kusonkhana, poti nkhani yotere siisowa mthenga. Ena anaima pamango, ena ankanamizira kufuna nkhuku zawo. Tiyamike anafika akuthamanga. Filipo anayika chitini pamthunzi, anagwada patsogolo pa khonde, pafupi kuposa mmene anafikirapo chikwatirire, n'kuwomba m'manja.

"Amayi, ndalakwa, ndipo mlandu wanga ndiuvomera. Koma lero ndilankhula ndekha. M'chitini ichi muli mpweya umene umapha chilichonse chopuma. Susankha nankafumbwe kapena munthu. Umatuluka m'zigamba, umayenda pansi, ndipo pansi m'pamene inu mumagona. Mukagona nawo, ine ndikuopa kuti sitidzakuonaninso."

ANankhoma anatembenukira kukhoma.

"Tiyamike," anatero, "auze aphunzitsi kuti ine ndakalamba ndi utsi wa fodya m'zigafa, sindinafe."

"Akuti akalamba ndi utsi wa fodya," Tiyamike anayamba.

"Utsi umaoneka, amayi, ndipo umakwera kumwamba," Filipo anamudula mawu. "Uwu suoneka."

"Auze kuti chimanga changa sichituluka panja, ndipo ine sindichisiya chokha."

"Ngati ndi choncho, chabwino," anatero Filipo. "Alamu aboole. Koma ine nditenga mphasa yanga ndidzagone pabalaza pomwepo, pafupi ndi inu, kuti mutu ukayamba kukupwetekani ndikukokereni panja. Ndipo ndidzagona pamenepo mpaka chipepala chitachotsedwa."

Mayi wina pamango paja anaseka mpaka anagwira mnzake paphewa. Tiyamike anabisa nkhope m'manja. Mkamwini kugona m'nyumba ya apongozi, zimenezo ngakhale oledzera a m'mudzimo anali asanaziyimbepo. Koma Filipo sankaseka, ndipo aliyense ankamudziwa kuti akanena chinthu amachita.

"Mwamva, amayi?" anatero Gregorio. "Mwamva chipongwe chake? Munthu uyu akufunika abwerere kwawo ku Ntchisi akaphunzire mwambo."

ANankhoma anatola nyemba zingapo pansi n'kuziponya m'lichero.

"Iwe Gregorio, bwera kuno."

Gregorio anayandikira n'kunjuta.

"Ndakuona mmene watulukira m'nyumbamu. Chibadwire chako sindinakuonepo ukuthawa ndewu. Wathawa chiyani?"

"Amayi, chitini chikabooka poyera ndi nkhani ina. Mkati mwa chipepala ndi nkhani inanso."

"Ku esiteti kuja, mukaboola, munkakhala pompo?"

"Tinkachoka. Tinkaima kochokera mphepo."

"Mbuzi?"

"Tinkatchinga ndi minga."

"M'nyumba unayamba wabooleramo?"

Gregorio anakanda pansi ndi chala. Anali munthu wamakani, koma bodza kwa amayi ake sankalitha.

"Ayi."

"Alipo amene anapwetekapo?"

"Tenanti wina wa ku Mulanje. Anakweza chipepala nthawi isanakwane, kufuna mpeni wake umene anaiwala mkati. Tsiku limenelo anali bwinobwino. Kutacha ankayenda ngati waledzera. Pamene ine ndinkachoka, kapu ya madzi ankachita kumugwirira mkazi wake."

"Ndiye mbuzi unkazitchingira minga, ine wanditchingira chitenje."

"Amayi, ine ndimafuna kupulumutsa chimanga chanu. Njala ikubwerayi..."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Sindinati umafuna kundipha."

Gregorio anaweramitsa mutu. Manyazi anamugwira, ndipo Filipo, amene mmawa womwewo akanakondwa kumugonjetsa pa mtsutso, sanamve kukoma kulikonse. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anatseka pakamwa osawonjezerapo phunziro.

Patapita kanthawi Gregorio anadzuka n'kutola chitini chake. "Mnzanga Kalebe mabedi ake sanathire, ndikampatsa iyeyo," anatero. Kenaka anatembenukira kwa mlamu wake, mawu aumwini mbumba atabwereramo pang'ono. "Koma mlandu wolowa kuchipinda ulipobe. Umenewo sufufutika ndi sayansi. Tambala."

"Tambala abwera," anatero Filipo. "Wofiira uja."

"Wamkulu uja, osati wachitopa."

Anthu anaseka, ndipo ena anayamba kubalalika poona kuti ndewu yalephereka. Koma ambiri anatsalira, chifukwa nkhani ya chimanga inali isanathe. Anankafumbwe anali akusinjabe kuchipinda.

ANankhoma anayang'ana khomo la nyumba yawo. Chimanga chimenecho anachilima okha, anachitonola usiku ndi usiku chitseko chili chotseka, ndipo palibe mnansi amene ankadziwa kuti matumba alipo angati. Kuchitulutsa kunali ngati kuvula pagulu. Anapumira m'mwamba. Kenaka anakweza manja n'kubwezera mpango kumutu, n'kuumanga bwinobwino, nkhope ili poyera. Anayang'ana anthu a pamango aja.

"Inu mwaima apo, musachoke. Mumafuna kudziwa zimene ndinakolola, lero muwerenga mpaka mutope."

Atatero anatembenuka n'kuyang'ana Filipo m'maso. Filipo ndi amene anayamba kuyang'ana pansi.

"Dzuwa likadalipo. Matumba onse atuluke, chimanga chiyanikidwe pamphasa, tichipete. Mawa wina apalase njinga akagule mankhwala a fumbi aja ophera anankafumbwe, ndipo pothira pakhale munthu wowerenga zilembo zazing'onozo. Poyamba litulutsidwe thumba la pakona, ndi limene lafumbwa kwambiri. Njira ya kuchipinda mukuidziwa kale."

Tiyamike anatembenukira kwa mwamuna wake monga mwa masiku onse. "Amayi akuti dzuwa likadalipo, ndiye..."

"Usavutike, mwana wanga," anatero aNankhoma. "Ndikulankhula ndi iwowo."